Ndemanga: kampani yomwe inatiwerengera malire a arc flash

Ndimayang'anira amisiri a zamagetsi pafakitale, ndipo tinaitana kampani ina kuti idzawerengere malire a arc flash (kuphulika kwa moto wa magetsi) pa mapanelo athu onse a magetsi. Patha miyezi ingapo tikugwiritsa ntchito zomwe anatisiyira, tsono ndili nazo zonena.

Malire amenewa ndi mtunda womwe kutentha kwa magetsi akaphulika kumatsika kufika pa 1.2 cal/cm² (muyeso wa kutentha kofika pa khungu). Munthu akalowa mkati mwake alibe zovala zodzitetezera, khungu limatha kupsa mpaka kutuluka matuza. A kampaniwa anatsata ndondomeko yowerengera ya IEEE 1584 ya 2018, yomwe imakhudza magetsi a 208 V mpaka 15 kV, ndipo sanalembe za m'mutu. Panelo iliyonse ankaizimitsa kaye, n'kuitsegula, n'kuyeza kukula kwa bokosi, mpata wa pakati pa ma busbar (zitsulo zodutsa magetsi m'kati mwa panelo), komanso ngati aikidwa choimirira kapena chogona.

Koma chomwe ndikuwayamikira kwambiri ndi nkhani ya panelo ina ya kutali ndi thiransifoma. Tonse tinkaitsegula mosaopa, poti ndi yaing'ono. Imeneyo ndiyo inatuluka ndi malire aakulu kuposa zinzake zambiri. Ine ndinakanitsitsa, ndinati alakwitsa masamu. Injiniya wawo sanapse mtima. Anandikhazika pansi, n'kundionetsa pa kompyuta kuti kumeneko karenti ya shoti imafika yochepa chifukwa cha kutalika kwa chingwe, ndiye breaker (switchi yozimitsa magetsi yokha pakachitika shoti) imachedwa kugwa. Moto ukakhalitsa ukuyaka, kutentha kumene kumafika pa munthu kumachulukanso. Nditakumbukira anyamata anga ataima pomwepo ndi malaya wamba, thupi linandizizira. Atasintha masetingi a breaker ija kuti izigwa msanga, malirewo anachepa, ndipo tinajambula mzere watsopano pansi.

Zomata zochenjeza zomwe anaika pa mapanelo n'zomveka: volteji, malire, ndi mphamvu ya kutentha pa mtunda wogwirira ntchito. Vuto n'lakuti m'chipinda chotentha zina zinayamba kumatuka m'makona patangopita milungu yochepa. Anabwera kudzasintha, koma titawakumbutsa kawiri. Lipoti nalonso n'lalikulu, lolembedwa m'chinenero cha mainjiniya okhaokha, moti ndinachita kupempha kuti adzawafotokozere amisiri pamaso.

Ndidzawaitananso. Ndondomeko ya chitetezo pa ntchito za magetsi ya NFPA 70E imafuna kuti kawerengedwe kameneka kaziunikidwanso zaka 5 zisanadutse, koma ife tikuwonjezera thiransifoma ina posachedwa, ndiye manambala ena asintha nthawiyo isanakwane.