Ndemanga: choyezera mvula cha pulasitiki, nditachigwiritsa ntchito dzinja lonse ku Bembeke

Kwa amene mukufuna yankho lachidule: guleni, koma musagule kakang'ono ngati kanga. Funani chokhala ndi manambala ofika 100mm kapena kupitirira. Kanga kamathera pa 40mm, ndipo mvula ya kuno ku Dedza chaka chino yakachititsa manyazi kangapo.

Ndinakagula pa shopu ina ya zipangizo zaulimi pa boma, mtengo wake sunapose wa nkhuku ya chikuda. Ndi kachitini koonekera mkati, kotakasuka kukamwa, kopyapyala kumunsi, kali ndi mizere ya mamilimita m'mbali ndi kachogwirira kokhomera pa mtengo. Kapepala ka malangizo kalibe ndi komwe. Wogulitsayo nditamufunsa poti ndikakaike, anangoti "paliponse pamene mvula imagwa, bambo." Anandithandiza ndi alangizi athu: chikhale pa mtetete, kutali ndi denga, ndipo ngati pali mtengo pafupi, mtunda wake ukhale kawiri kutalika kwa mtengowo. Kuwerenga ndi m'mawa uliwonse 8 koloko, monga amachitira a nthambi yoona zanyengo, kenako kukhuthula madziwo. Ine ndinakhomera pa nsichi ya bulugamu pakati pa munda wa kachewere ndi mabedi a tomato, ndipo manambala ndimalemba m'kope la mwana lotsala chaka chatha.

Chimene chinandipangitsa kugula ndi ichi. Uthenga wa zanyengo timaumva ndithu pa wailesi, ndipo masiku ano umabweranso pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ndi wothandiza, makamaka akachenjeza kuti mphepo yachinyezi yochokera ku Congo yalowa ndipo mvula igwa masiku otsatizana. Koma akati "madera a Dedza", Dedza ndi yaikulu. Ife tili pamwamba pozizira, anzathu a ku Mtakataka ndi ku Golomoti ali kunsi kwa phiri kotentha. Ngakhale kuno komwe, mvula imatha kukhuthuka ku Bembeke pamene wina ali pa Lizulu akugulitsa kabichi dzuwa lili phwee. Wailesi imandiuza zimene zikubwera, koma zimene zagwa m'munda mwanga ndiyenera kuziona ndekha.

Pa kuwerengeka, kakuchita bwino. Poti kumunsi ndi kopyapyala, ngakhale mvula ya 2mm imaoneka bwinobwino. Alangizi anandiphunzitsa kawerengedwe kamene kananditsegula maso: milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ndiye bedi la mamita 10 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi likalandira 40mm, lamwa malita 400, zidebe 20 za malita 20, usiku umodzi. Nditamva zimenezo ndinakweza mabedi onse a tomato, ndinatsegula ngalande kumtunda kwa munda kuti madzi ochokera m'njira asamalowe m'mizere, ndipo nazale ya kabichi ndinaimangira kadenga ka udzu. Anzanga ena amene anasiya nazale pansi, mbande zinawola m'khosi n'kugwa zonse.

Kumene kandibwezera ndalama yanga kwenikweni ndi pa nkhani ya chiwawu. Aliyense wolima kachewere kuno, kaya ndi wa mtundu wa Violet kaya wa Rosita, amadziwa mmene matendawa amayendera kukazizira ndi kunyowa: madontho akuda ngati tsamba lathiridwa madzi otentha, m'mawa mukatembenuza tsambalo kunsi kuli kaufa koyera m'mbali mwa dontholo, ndipo pakatha sabata munda wonse wapserera, ukununkha. Mankhwala a mancozeb amene ambiri timangowatcha Dithane amakhala pamwamba pa tsamba ngati chotchinga, salowa mkati, choncho mvula yamphamvu imawatsuka. Kale ndinkangotsata kalendala, kupopera tsiku lakelo basi. Chaka chino ndimayang'ana kope. Ndikaona kuti chipoperereni yagwa mvula yopitirira 25mm, ndimadziwa kuti masamba ali pamtunda, ndipo kukangocha bwino masamba n'kuuma ndimanyamula sipuleya osadikira tsiku la pa kalendala. Mvula ikachepa, sindiwononga mankhwala pachabe. Ndi mitengo ya mankhwala mmene ilili pano, zimenezi si zachibwana.

Feteleza wobereketsanso chimodzimodzi. Kope likaonetsa kuti masiku atatu apitawo nthaka yamwa kwambiri ndipo a zanyengo akuti ikubweranso ina, thumba limakhala m'nyumba. Kuthira pamenepo n'kungodyetsa mtsinje wa Linthipe.

Tsopano zodandaula, ndipo zilipo.

Choyamba ndi kuchepa kuja. Mu Januwale ndi Febuluwale panali mausiku amene ndinkapeza kadzaza mpaka kusefukira. M'kope ndinkangolemba "40 ndi kupitirira", zomwe sizindiuza ngati inali 45 kapena 90. Tsiku limene chiwerengero chikufunika kwambiri ndi lomwelo limene kamakusiya m'malere. Mvula ikagwa masana ndimatha kuthamanga kukakhuthula n'kuphatikiza manambala, koma ndani adzuke pakati pa usiku, mphezi zikung'anima, kukawerenga madzi ndi tochi ya foni? Amayi a kunyumba anandiuza mosapsatira kuti misala imeneyo ayi. Tikakumbukira zimene namondwe Freddy anachita kummwera mu Malichi 2023, ndi namondwe Ana mu Januwale 2022, sindikumvetsa chifukwa chake ogulitsa akubweretsabe tazing'ono chonchi m'dziko muno.

Kachiwiri, manambala ndi opaka utoto pamwamba, si ozokota. Pofika mu Malichi a kumtunda anali atayamba kufufutika ndi dzuwa, ndinachita kubwerezamo ndi cholembera chosafufutika. Mkati mumamera ndere zobiriwira, ndipo poti kumunsi n'kopanikiza, chala sichifika. Ndimatsuka ndi kansalu komangirira ku kamtengo. Kachogwirira kake n'kofewa, mphepo ikawomba kamapendekeka, ndiye ndinamangirira ndi lekeni. Pulasitikiyo payokha yapirira, matalala anagwa koma sinang'ambike. Ana okha ndiwo muwachenjeze, chifukwa tsiku lina ndinapeza 30mm kunja kusanagwe dontho, kufufuza bwino anali mdzukulu wanga ndi kapu.

Pali china chimene si vuto la chipangizochi, koma wogula achidziwe. Sichiyeza chifunga kapena mame. Kuno kumapiri kumatha kuchita mvumbi masiku angapo, kamvula kowaza, nkhungu ili goo mpaka masana, phiri la Dedza osaoneka. M'kachitini mumapezeka 3mm kapena 4mm, munthu n'kumati palibe chagwa. Komatu nyengo imeneyo ndiyo imene chiwawu chimaikonda kuposa chimvula cha ola limodzi chotsatana ndi dzuwa, chifukwa masamba sauma tsiku lonse. Choncho m'kope ndinawonjezera mzere wina wolembamo "chifunga" kapena "dzuwa", ndiponso nthawi imene masamba anauma. Mzere umenewo wandithandiza mofanana ndi manambala. Mvumbi ukatalika chotero ndipo madontho ayamba kuoneka, ndimasinthira ku mankhwala olowa mkati mwa tsamba monga Ridomil, motsata malangizo a pa paketi.

Kachewere wanga sanapulumuke yense. Mizere ya kumunsi kumene madzi amaima inawola ndithu, chipangizo sichiumitsa nthaka. Koma mbali yaikulu inafika pokumba masamba akadali ndi moyo, ndipo tomato ndinakololako m'nyengo imene pamsika amasowa. Anzanga a m'kalabu yathu ayamba kundiimbira m'mawa kufunsa kuti "yagwa zingati kumeneko?" asanasungunule mankhwala.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka. Ngati muli ndi dimba la masamba kapena munda wa kachewere kuno ku Dedza, ku Tsangano kapena ku Lizulu, pofunsa m'shopu muone kaye nambala yomaliza kumtunda, ndipo mupalase ndi chikhadabo kuti mudziwe ngati manambalawo ndi ozokota. Akakuuzani kuti chachikulu chatha, auzeni akuitanitsireni ku Lilongwe mvula ya chizimalupsa isanagwe.