Ndodo za bulasi za CW617N zimasulika bwino, koma moto wake ngofuna tcheru

Ndinagula ndodo zimenezi (CW617N ndi nambala ya mtundu wa bulasiyu), zonenepa mamilimita 25, kuti ndizisulira manati ndi zogwirira. Papita miyezi inayi ndikuzigwiritsa ntchito, ndipo ndikuzipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu.

Bulasi ameneyu ali ndi mkuwa pafupifupi magawo 58 pa 100, mtovu magawo awiri, kwinako ndi zinki. Mtovuwo susakanikirana ndi zinzakezo, umangokhala timadontho tobalalika m'kati. Pa makina osemera mpamene ndinauyamikira: zosemedwa zimagwa tiziduswa tating'onoting'ono, osati zingwe zija zimakulunga mpeni, ndipo mpeniwo subuntha msanga.

Nkhani ili pamoto. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 a Celsius, kutanthauza kuti pamene mukusula timadontho tija timakhala tili madzi. Ndodo ikafika pakati pa madigiri 650 ndi 750, ili psuu pang'ono ngati khala lomwe layamba kuzilala, imafewa modabwitsa. Kutentha kumeneko zinki wochulukayo amachititsa kuti m'kati muchuluke mbali yofewa ija amaitcha beta, ndiye mtovu suvutitsa. Kumenya kamodzi, chikombole chadzaza mpaka m'makona. Ndinasangalala kwambiri nditaona nati woyamba akutuluka wosalala mbali zonse zisanu ndi imodzi.

Koma mukachedwa, mwalemba m'madzi. Tsiku lina ndinatulutsa zidutswa zitatu nthawi imodzi, ndipo pofika pa chachitatu chinali chitada kale. Nditachimenya, m'mphepete monse munachita ming'alu ngati chidendene chong'ambika. Pakati pa madigiri 300 ndi 500 bulasi salola kumenyedwa, amangosweka. Kuyambira pamenepo ndimatulutsa chimodzichimodzi, ndipo chikombole ndimayamba ndachitenthetsa kuti chisabe moto. Kupyoza muyeso nakonso nkoipa: pamwamba pamatuluka nthudza ngati khungu la lalanje, ndipo mukaona utsi woyera dziwani kuti zinki akuthawa. Utsiwo musaupume, tsegulani mazenera. Maso okha ananamiza ine kangapo, makamaka masana, mpaka ndinagula chida choyezera kutentha.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha ogulitsa. Mumtolo munali ndodo ziwiri zopanda chizindikiro, zooneka zachikasu kwambiri kuposa zinzake. Zinang'ambika ngakhale moto unali wokwana bwinobwino. Ndikuganiza kuti zinali za mkuwa wochuluka, chifukwa bulasi wotere akakhala ndi mtovu moto samvana nawo. Zinandipweteka mtima, popeza ndinataya tsiku lathunthu ndikudziimba mlandu. Anandisinthira popanda mkangano, komabe kudinda nambala pa ndodo iliyonse si ntchito yaikulu.

Amene mukufuna kupangira zida za madzi akumwa, yambani mwafufuza malamulo a kwanu okhudza mtovu. Ine ndiitanitsanso mwezi wamawa, ndipo ndawauziratu kuti ndodo yopanda nambala ndidzaibweza.