Shopu ya mafilimu ya ku Area 25: chithunzi chili bho, koma womasulira anandikhumudwitsa

Loweruka ndinapita pa kashopu kena koika mafilimu mu fulashi pafupi ndi msika wa ku Area 25, ndinkafuna The Falcon and the Winter Soldier, ija ya 2021 ya zigawo 6. Mnyamata wa pamenepo ndi waulemu ndithu, anandipatsa mpando, anayamba wachotsa kaye mavairasi mu fulashi yanga osandilipiritsa, ndipo pasanathe theka la ola zonse zinali zitalowa. Chithunzi choyera, mawu omveka, apo sindingadandaule. Ndinasankha yomasulira m'Chichewa chifukwa ndimafuna kuonera ndi amalume anga omwe anapuma usilikali, Chingerezi cha ku America chimawathamangira.

Vuto linabwera pa chigawo cha 4. Amene munaonera mukudziwa, John Walker, msilikali yemwe boma la America linamupatsa chishango cha ngwazi Captain America, wagwiritsa kale ntchito mankhwala aja opatsa mphamvu zoposa za munthu, mnzake Lemar waphedwa, ndiye akuthamangitsa mnyamata wina mpaka pabwalo mu mzinda wa Riga, mnyamatayo wagwa chagada, manja m'mwamba, akukana kuti si iye wapha, koma Walker akumukhapa ndi chishango anthu akujambula pa mafoni. Ndiye womasulira wathu pamenepo ndi pomwe anaona kuti aseketse anthu, akuti "wadya nawo, mphwanga, ukanakhala kunyumba", kenako kaphokoso koseka. Mxiii.

Amalume anandiuza kuti ndiimitse kaye. Anati, "Mphwanga, munthu akakweza manja mfuti imatsika, ngakhale atakhala kuti wakuphera mnzako dzulo lomweli." Iwo amati izi anaziphunzira ali ku maphunziro a usilikali, malamulo a ku Geneva a 1949 aja, wogwidwa kapena wogonja saphedwa. Funso lomwe anandifunsa likundizungulirabe m'mutu mpaka pano, akuti munthu amene wamubaya jakisoni mpaka kukhala ndi mphamvu za anthu khumi, akapsa mtima angamugwire ndani? Nanga mlandu ukhala wa iye yekha kapena ndi omwe anamupatsa chishango n'kumuuza kuti ndiwe ngwazi yathu? Anandikumbutsanso kuti si nthano chabe, asilikali a Germany ankapatsidwa mapiritsi a Pervitin mu 1940 kuti asagone masiku angapo ali pankhondo.

Nkhani ya Isaiah Bradley, msilikali wakale wakuda wa mu filimuyi, nayo womasulira anaipeputsa. Mdala uja anamuyeserapo mankhwala ngati khoswe, anamenya nkhondo ku Korea, pomaliza boma lake lomwe n'kumutsekera zaka 30, nkhani yofanana ndi yoona ya ku Tuskegee ku America komwe amuna akuda anawasiya ndi chindoko osawapatsa mankhwala kuyambira 1932 mpaka 1972. Womasulira anangoti "agogo okwiya" basi, n'kudutsa.

Lolemba ndinabwererako kukadandaula, mnyamata uja sanakangane nane, anati iye samasulira yekha amangolandira zomasulira kale, ndipo makasitomala ambiri amafuna zoseketsa zomwezo. Mwina akunena zoona, filimu ya karate ine ndimasekanso nawo. Anandiikira ina yosamasulira ulere, ndiye pa zimenezo ndikumupatsa nyenyezi 4 pa 5, koma yomasulirayo musatenge. Panopa ndikumawamasulira ndekha amalume, tikumaima pafupipafupi, chigawo chimodzi chikumatitengera maola awiri, ndipo usiku wathawu magetsi anathima tili pakati pa chigawo cha 5.