Chitenje, shweshwe kapena katani? Nanga timagetsi titi?

Ambirife kuno ku Joni tili m'chipinda chimodzi cha lendi, kaya ku Rosettenville, Turffontein kapena Yeoville, ndipo alandilodi safuna kuona msomali pakhoma pawo. Chotsala n'kukongoletsa ndi zinthu zoti tsiku losamuka ungopinda n'kuponya m'chikwama.

Chitenje cha kumudzi, chija achemwali amatumiza pa basi, sichitaya munthu. Mamita awiri aja amaphimba khoma la kumutu kwa bedi, kapena kutchinga pakati pa pogona ndi pophikira. Waya wa makatani ndi mapegi oyanikira zovala, basi ntchito yatha. Koma pawindo ayi. N'chopyapyala, dzuwa limachisulutsa, ndipo chisanu cha June ndi July cha kuno chimangodutsamo ngati palibe kanthu. Pawindo pamafunika katani yokhuthala, yokhala ndi nsalu ina kumbuyo. Zosokeratu zilipo ku PEP Home ndi ku Mr Price Home, koma ngati windo lanu ndi lija losadziwika saizi, pitani ku Oriental Plaza ku Fordsburg mukadulitse pa mita, telala akupindireni m'mphepete.

Shweshwe, nsalu yathonje ya timaluwa ya kuno ku South Africa, ndi yokongola komanso yolimba, koma ndi yopapatiza, pafupifupi masentimita 90, ndiye pakhoma mpaka mulumikize. Ikakhala yatsopano imakhala gwa ndi sitachi, muyambe mwaichapa. Ine ndimaisiyira mapilo ndi patebulo.

Pa magetsi m'pamene ndinalirapo. Ndinagula timagetsi ta LED tija tokhala ngati lamba, tomata ndi guluu, n'kuzunguliza denga lonse. Kukongola kwake, anzanga ankabwera kudzajambulitsa. Tsiku lochoka, pomatula, penti inatsatira lamba uja kuyambira pakona mpaka pachitseko, ndipo dipoziti yanga inathera pomwepo.

Timagetsi ta pachingwe n'tabwinoko chifukwa timangokolekedwa pa waya womwe uja wa chitenje. Tilipo ta mabatire, totchipa pogula, koma mabatirewo amakudyerani ndalama pang'onopang'ono, ndipo akayamba kutha kuwala kumafooka ngati koloboyi wopanda palafini. Ta USB n'tomwe ndingakuuzeni kuti mugule. Mumalumikiza ku chaja ya foni, magetsi akathima mumasamutsira pa pawa banki. Amene tinali kuno mu 2023, Eskom ikuthimitsa magetsi pafupifupi tsiku ndi tsiku, tikudziwa phindu lake. Komanso LED satentha kwenikweni, kusiyana ndi kandulo pafupi ndi nsalu.

Musanalipire, auzeni akuyatsireni. Pabokosi pakalembedwa 6500K, kuwalako n'koyera mbee ngati m'chipatala, chitenje chofiira chimaoneka chodwala. Funani 2700K kapena 3000K, kuwala kwachikasu pang'ono. Ndipo ngati mukufuna kutenga timagetsiti popita kumudzi pa Khirisimasi, pulagi ya kuno ya mano ozungulira sikalowa pa soketi ya ku Lilongwe popanda adaputa.