Tikiti imodzi pakutha pa chaka: bowl yaing'ono, bowl yaikulu kapena masewero a pabwalo la koleji?

Disembala akayandikira, anzanga amene anayamba kutsatira mpira wa chiAmereka (American football) wa m'makoleji atafika kuno ku Indiana, ku America, amandifunsa funso lomwelomwelo: ngati munthu ali ndi ndalama zokwanira tikiti imodzi ndi ulendo umodzi wokha, apite ku masewero ati? Bowl ndi masewero apadera a kumapeto kwa chaka amene matimu a makoleji amaitanidwako, ndipo zosankha zilipo zitatu. Pali ma bowl ang'onoang'ono oposa 30 amene ali m'mizinda yosiyanasiyana, pali ma bowl akuluakulu asanu ndi imodzi, omwe ndi Rose, Sugar, Orange, Cotton, Fiesta ndi Peach, ndiponso pali masewero a ndime yoyamba ya College Football Playoff, mpikisano wopezera akatswiri a dziko lonse, amene amachitikira pabwalo la koleji. Ndiyerekeza zitatuzi potengera chaka cha 2024/25, pamene mpikisanowu unakula kuchoka pa matimu 4 kufika pa 12. Ndinenerenso kuti ndine wochemerera Notre Dame, ndipo maganizo angawa akutsamira komweko.

Ma bowl ang'onoang'ono ndiwo amakopa anthu ambiri, chifukwa tikiti yake ndi yotsika mtengo ndipo ambiri amachitikira kumalo ofunda monga Orlando ndi Tampa pamene kwathu kuno kuli chisanu choopsa. Vuto lake ndi lakuti pa tikiti pamalembedwa dzina la timu, koma palibe amene amakulonjezani kuti osewera amene munkawaonera kuyambira Seputembala adzalowa m'bwalo. Matimu amalengezedwa Lamlungu loyamba kapena lachiwiri la Disembala, anthu n'kuthamangira kukagula matikiti, ndipo m'masiku otsatirawo ndi pamene osewera odalirika amayamba kulengeza mmodzimmodzi kuti sasewera, ena chifukwa akukonzekera kulowa mu NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ena chifukwa akusamukira ku koleji ina. Nthawi zina ngakhale mphunzitsi wa timu amakhala atapeza ntchito kwina.

Anyamatawa sindiwadzudzula ngakhale pang'ono. Aliyense wa ku South Bend, kwawo kwa Notre Dame, amakumbukira za Jaylon Smith, amene anavulala bondo koopsa pa 1 Januwale 2016 mu Fiesta Bowl pamene Notre Dame inkasewera ndi Ohio State. Ambiri ankayembekezera kuti akhala m'gulu la osankhidwa oyambirira mu NFL, koma anatengedwa m'ndime yachiwiri ndipo chaka chake choyamba chinatha asanasewere. Kumapeto kwa chaka chomwecho Christian McCaffrey wa Stanford ndi Leonard Fournette wa LSU anakana kusewera ma bowl a matimu awo, ndipo kuchokera pamenepo zinakhala zachizolowezi. Mwana amene banja lake lonse likumuyang'anira sangaike bondo lake pachiswe chifukwa cha masewero amene, kupambana kapena kugonja, sasintha kanthu. Koma wogula tikiti ayenera kudziwa kuti ndiye amasenza zotsatira zake.

Chaka cha 2024/25 chinaonetsa zimenezi poyera. Mu Pop-Tarts Bowl ku Orlando, Cam Ward wa Miami anasewera chigawo choyamba chokha, chachiwiri anangoima pambali, ndipo Iowa State inapambana 42-41. Timu ya Marshall, imene inali itangotenga chikho cha ligi yake ya Sun Belt, inachoka mu Independence Bowl chifukwa mphunzitsi wake atapita, osewera ochuluka analembetsa kuti akusamuka, moti Army inakumana ndi Louisiana Tech, timu yomwe inali itagonja masewero ambiri kuposa amene inapambana. Chaka cha m'mbuyo mwake, pa 30 Disembala 2023, Florida State imene inapambana masewero ake onse 13 koma n'kusiyidwa kunja kwa mpikisano inafika ku Orange Bowl ilibe akatswiri ake ambiri, ndipo Georgia inaikwapula 63-3. Imeneyi inali bowl ya dzina lalikulu, kusonyeza kuti dzina silithandiza ngati palibe cholimbirana.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ndalama. Ndinagulapo tikiti ya bowl ina yaing'ono kwa ogulitsa matikiti pa intaneti, ndipo mtengo umene ndinaona poyamba unali wabwino ndithu. Nditasankha mpando, n'kulemba nambala ya khadi, pa tsamba lomaliza panatulukira ndalama zina zoti ndi zolipirira ntchito yawo, zokwanira kugulira mafuta a ulendo wonse. Pasanathe sabata osewera amene ndinkafuna kukawaona analengeza kuti sasewera. Nditafunsa zobwezeredwa ndalama, anandiyankha kuti masewero sanathetsedwe, choncho tikiti idakali yogwira ntchito. Nditayesa kuigulitsa pamalo omwewo ndinapeza kuti mitengo yagwa, ndipo nawonso ankafuna kudulapo gawo lawo kachiwiri. Ndinapitabe. Mipando ya m'mwamba inali yopanda anthu mizere yathunthu, mawu a gulu loimba ankamveka kuposa a ochemerera, ndipo bambo wina amene ndinayandikana naye ankangoyang'ana manambala a majezi pa foni yake kuti adziwe amene akusewera. Kuyambira mu Meyi 2025 lamulo la Federal Trade Commission, bungwe la boma loteteza ogula, likukakamiza ogulitsa matikiti kuonetsa mtengo wonse pachiyambi pomwe, ndipo zimenezi n'zabwino, koma ndalama zowonjezerazo sizinachotsedwe, komanso lamuloli silikhudza nkhani ya osewera amene sanalowe m'bwalo.

Ma bowl akuluakulu tsopano ali m'kati mwa mpikisano, anayi ngati makotafainolo ndipo awiri ngati masemifainolo, motero vuto la osewera okana kusewera ndi lochepa kwambiri. Pa ubwino wa mpira, awa ndiwo ali patsogolo. Texas ndi Arizona State anafika mpaka nthawi yowonjezera kawiri mu Peach Bowl, Texas n'kupambana 39-31, ndipo Notre Dame inagonjetsa Penn State 27-24 mu Orange Bowl pamene Mitch Jeter anagoletsa pomenya mpira kuchokera pa mayadi 41 kutatsala masekondi owerengeka. Rose Bowl ya ku Pasadena, imene inayamba mu 1902, ili ndi ulemu wake, ngakhale kuti chaka chimenecho Ohio State inali itatsogola kale 34-0 pa Oregon chigawo choyamba chisanathe. Cholemetsa ndi ulendo. Simungadziwe ngati timu yanu ipitako kufikira itapambana ndime ya m'mbuyo, ndiye ndege ndi malo ogona mumagula mochedwa, pa nthawi ya tchuthi pamene zonse zakwera. Ochemerera Notre Dame anafunika kukhala ku New Orleans pa 2 Januwale, ku Miami pa 9 ndi ku Atlanta pa 20, kumene timu yathu inagonja 34-23 kwa Ohio State pa fainolo. Sugar Bowl ya ku New Orleans inayenera kuchitika pa 1 Januwale, koma inasunthidwa ndi tsiku limodzi chifukwa cha chiwembu cha pa msewu wa Bourbon Street mumzindawo chimene chinapha anthu 14. Kusunthako kunali koyenera, ndipo amene anagula matikiti a ndege osasinthika anakumana ndi zovuta zina pamwamba pa chisonicho.

Ine ndingasankhe masewero a pabwalo la koleji. Pa 20 Disembala 2024 Notre Dame inalandira timu ya Indiana University usiku wozizira kwambiri, anthu atavala zijasi ziwiriziwiri, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo pamene Jeremiyah Love anathamanga mayadi 98 kukagoletsa m'gawo loyamba, bwalo lonse la anthu oposa 77,000 linagwedezeka. Ophunzira analipo, oimba a koleji anali pamalo awo a nthawi zonse, ndipo aliyense ankadziwa kuti wogonja chaka chake chathera pomwepo. Kwa ife okhala pafupi panalibe za ndege kapena hotela. Zofooka zake n'ziwiri: matikiti ndi ochepa chifukwa amayamba kupita kwa ophunzira ndi kwa amene amagula a chaka chonse, ndipo masewero anayi a chaka chimenecho sanali a nkokenkoke, pakuti eni bwalo onse anapambana ndipo kusiyana kochepetsetsa kunali 27-17 kwa Notre Dame komweko.

Kwa amene akufunabe bowl yaing'ono, mwina chifukwa ili mumzinda wawo kapena akufuna kutengera ana, adikire kufikira sabata ya masewero, aone mndandanda wa amene asewere, kenako agule. Nthawi imeneyo matikiti amakhala akadalipo, ndipo kawirikawiri mtengo wake umakhala utatsika.