Ndemanga yanga pa Oxford Advanced Learner's Dictionary, nditaigwiritsa ntchito miyezi isanu ndi inayi

Ndine namwino, ndipo dikishonaleyi ndinaigula nditangolandira zotsatira za mayeso a Chingerezi a IELTS zimene zinandifooketsa kwambiri. Bungwe loyang'anira anamwino ku UK, la NMC, limafuna kuti namwino wofuna kukagwira ntchito kumeneko apeze 7 pa kumvetsera, kuwerenga ndi kulankhula, komanso 6.5 pa kulemba. Zitatu zoyambazo ndinakhoza, koma pa kulemba ndinapeza 6. Kagawo kakang'ono kameneko kanapita ndi ndalama zolembetsera zimene ndinasunga miyezi yambiri. Chomwe chinandiwawa n'chakuti ndinkadziona ngati munthu wodziwa mawu. Ndinali ndi kope lodzaza mawu akuluakulu a Chingerezi amene ndinkakopera m'magulu a pa WhatsApp, aja amatumiza mawu khumi m'mawa uliwonse, liwu lililonse ndi katanthauzo ka mzere umodzi.

Ku mpingo kwathu kuli abambo ena, mphunzitsi wa sekondale wopuma ntchito. Ndinawapatsa zimangirizo zanga zitatu kuti andionere. Atawerenga anavula magalasi n'kunena kuti, "Amayi, mawuwa mwawadziwa nkhope zokha, khalidwe lawo simulidziwa." Anandilozera pamene ndinalemba za dokotala wotchuka chifukwa cha ntchito yake yabwino, ine n'kumutcha "notorious". M'kope langa munalembedwa kuti liwuli ndi chimodzimodzi "famous". Iwo anatsegula dikishonale yawo yakale yong'ambika chikuto, n'kundionetsa kuti "notorious" ndi kutchuka ndi zoipa, monga mbava yodziwika dera lonse. Munthu amene ndinkafuna kumutamanda ndinamutukwana. Tsiku lomwelo ndinaganiza zogula yangayanga.

Ndiyambe ndi chenjezo pa kagulidwe. Yoyamba ndinaigula kwa wogulitsa mabuku wa m'mbali mwa msewu pamtengo wotsika, poti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mabuku a kunja anakwera moti munthu umaganiza kawiri. Kufika kunyumba ndinapeza kuti ndi yojambula: zilembo zotuwa, mapepala oonekera kuseri, ndipo masamba angapo a mawu oyamba ndi m mulibe. Ndinabwerera koma mwini wake sindinamupezenso. Yachiwiri ndinaigula m'sitolo ya mabuku, yosindikizidwa kakhumi, ya 2020, ndipo ndiyo ndikuikamba pano. Musanalipire, tsegulani pakati, muone ngati mitundu ya zilembo ikuoneka bwino komanso ngati manambala a masamba akutsatana.

Dikishonaleyi inalembedwera ife amene Chingerezi tinachipeza kusukulu, osati amene anayamwira. Anaiyambitsa ndi A. S. Hornby, mphunzitsi wa ku England amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan. Inatuluka koyamba ku Tokyo mu 1942, kenako Oxford University Press inaisindikiza mu 1948. Mbiri imeneyi imaonekera m'kalembedwe kake. Munthu amene waima kutsogolo kwa ophunzira a chilankhulo china amadziwa pamene amapunthwa. Matanthauzo ake analembedwa ndi mawu osavuta a mu mndandanda wawo wa mawu 3,000 ofunika kwambiri, wotchedwa Oxford 3000, choncho sufufuza liwu limodzi n'kupeza kuti tanthauzo lake lili ndi mawu ena atatu ofunika kufufuzanso. Dikishonale yaing'ono ya m'thumba imene ndinali nayo kale inkandizunguza choncho mpaka ndinkaitseka ndisanamve kanthu.

Phindu lalikulu kwa ine lili pa zitsanzo za ziganizo ndi pa mawu amene amayendera limodzi. Ife Chichewa chimatiyankhulira pansi pa Chingerezi chathu osadziwa. Timati kumwa mankhwala, ndiye dzanja limangolemba "drink medicine", pamene Mngerezi amati "take medicine", kaya ndi mapiritsi kaya ndi a madzi. Timati mvula yamphamvu, n'kulemba "strong rain", koma ukatsegula pa "rain" upeza kuti mnzake ndi "heavy". Mphepo ndiyo imakhala "strong". Liwu lathu limodzi lakuti kumva limanyamula katundu amene Chingerezi chinagawira mawu anayi: kumva phokoso ndi "hear", kumva ululu ndi "feel", kumva fungo ndi "smell", kumva zimene wina akufotokoza ndi "understand". Ku wodi ndamvapo anzanga ophunzira bwino akufunsa wodwala wa kunja ngati "akumva" ululu pogwiritsa ntchito "hear", ndipo sindiwaseka, chifukwa inenso ndinachokera komweko. Zimenezi sungazipeze pa mndandanda wa mawu khumi a m'mawa uja. Umazipeza powerenga ziganizo zinayi kapena zisanu zimene zili pansi pa tanthauzo, pamene mawu oyendera limodziwo anawalemba mochindikala kuti diso liwagwire.

Kenako pali timawu ting'onoting'ono topendekeka timene amaika tanthauzo lisanayambe: "formal", "informal", "disapproving", "approving", "old-fashioned". Poyamba ndinkatilumpha. Pano ndimayamba n'kuwerenga timeneti, chifukwa ndi timene timakuuza khalidwe la liwu limene abambo aja ankanena. Tengani mawu onena za munthu wochepa thupi. "Slim" ndi kuyamikira. "Skinny" nthawi zambiri n'kunyoza. "Underweight" ndi liwu la kuchipatala, loyenera pa khadi la mwana wa kusikelo. "Emaciated" ndi kuwonda kwa matenda kapena njala, kumene nthiti zimawerengeka. Onsewa m'kope langa lakale anali ndi tanthauzo limodzi, lakuti woonda. N'chimodzimodzi "childish" ndi "childlike": loyamba ndi chibwana chokwiyitsa, lachiwiri ndi mtima woyera ngati wa mwana. "Economic" ndi za chuma cha dziko, "economical" ndi chinthu chosawononga ndalama, ngati mbaula ya chitetezo imene sidya nkhuni zambiri. Bukuli lili ndi timabokosi tambiri timene timaika mawu ofanana pamodzi n'kufotokoza pamene asiyanira, ndipo timeneti ndinatiwerenga ngati nkhani, nthawi zina pa naiti odwala akagona.

Chinthu china chinandisangalatsa ngakhale sichinali cha mayeso. Nditafufuza "robot" ndinapeza kuti analembamonso tanthauzo lathu la maloboti a pamsewu, n'kuika chizindikiro chakuti ndi Chingerezi cha ku South Africa. Muli mawu enanso a kuno ku Africa, monga "matatu" ya ku Kenya. Sakunena kuti n'kulakwa. Akungokuuza kumene liwulo limamveka, kuti ukamalembera munthu wa ku Leeds ku England udziwe kuti iye amati "traffic lights".

Kagwiritsidwe kanga kanali kotere. Ndinasiya kusaka mawu achilendo kuti ndiwaloweze. Ndinkawerenga nkhani imodzi ya Chingerezi patsiku, kawirikawiri ya zaumoyo, n'kutolamo mawu osapitirira asanu. Liwu lililonse ndinkaona kaye ngati lili pa mndandanda wa Oxford 5000, umene umawonjezera mawu 2,000 ovutirapo, a mlingo wa B2 ndi C1, pamwamba pa 3,000 aja. Likakhalapo ndinkadziwa kuti ndidzakumana nalonso, ndiye ndinkalipatsa tsamba lakelake m'kope latsopano: tanthauzo, mawu oyenda nalo, abale ake, ndi chiganizo changa chonena za ntchito yanga. Mwachitsanzo pa "alleviate" ndinalemba kuti limayenda ndi ululu, umphawi ndi mavuto, ndipo limatanthauza kuchepetsako, osati kuthetseratu. Pafupi nalo ndinaika mdani wake "exacerbate", kukulitsa vuto lomwe lilipo kale. Likakhala kuti palibe pa mndandanda, ndinkangomva tanthauzo n'kupitiriza kuwerenga. Mwa njira imeneyi mawu ambiri onyaditsa a m'kope lakale ndinawataya, ndipo sindinawasowe.

Pa IELTS, kasankhidwe ka mawu ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene ochonga amayang'ana pa kulemba, ndipo gawo lachiwiri limafuna mawu osachepera 250 m'mphindi 40. M'nthawi yochepa choncho mulibe mpata wokumba liwu lalikulu limene sukulitsimikiza. Masamba a kumapeto kwa bukuli, otchedwa Writing Tutor, ali ndi zitsanzo za chimangirizo chotsutsana ndi cha kufotokoza ma graph, ndipo anandithandiza pa mawu ofotokoza kukwera ndi kutsika kwa manambala, kusiyana kwa "rise steadily" ndi "soar", kapena "decline" ndi "plummet". Ndinawabwereza kangapo sabata yomaliza.

Pali zimene muyenera kudziwa musanatulutse ndalama. Bukuli ndi lalikulu komanso lolemera, si lonyamula m'kachikwama ka kuntchito tsiku ndi tsiku, ndipo zilembo zake n'zazing'ono, moti magetsi akazima kuwerenga ndi tochi ya foni kumatopetsa maso. Langa limakhala patebulo kunyumba. Mulibenso Chichewa ngakhale liwu limodzi, choncho mwana wa Sitandade 6 kapena munthu amene akungoyamba kumene lingamulemere. Ameneyo ayambe ndi dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi, monga ija ya Steven Paas, adzafike kuno pambuyo pake. Anzanga azachipatala musayembekeze kuti lilowa m'malo mwa mabuku athu: "sepsis" ndi "hypertension" alimo, koma amawafotokoza m'njira yoti munthu wamba amve, zomwe n'zothandiza polankhula ndi odwala, osati polemba mayeso a unamwino.

Katchulidwe ka mawu kamalembedwa ndi zizindikiro zapadera zimene zinanditengera masabata kuti ndizizolowere. Apa intaneti inandithandiza. Tsamba lawo la Oxford Learner's Dictionaries ndi laulere, ndipo ukadina umamva liwu likutchulidwa Chingerezi cha ku Britain ndi cha ku America. Ndi pamene ndinadziwira kuti b wa mu "subtle" ndi wa mu "debt" satchulidwa. Pa tsamba lomwelo amalembanso kumene liwu linachokera, ndipo zimenezi zimamata tanthauzo m'mutu. Nditaona kuti "chronic" linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza nthawi, ndinamvetsa chifukwa chake matenda okhalitsa amatchedwa choncho, komanso ubale wake ndi "chronological".

Mwina mufunsa kuti ngati matanthauzo ali pa intaneti mwaulere, n'kuguliranji buku? Funsoli ndi lomveka, ndipo amene bandulo simuvuta komanso amatha kudzigwira akhoza kudalira foni yokha. Ine sindinathe. Ndikatsegula foni kuti ndifufuze liwu limodzi, uthenga umalowa, ndipo pofika pozindikira theka la ola lapita. Bukuli silindiitana kwina. Komanso potsegula tsamba diso limagwera pa mawu oyandikana nawo: ndikufufuza "consent" ndinaona "consensus" ndi "consequence" pafupi pomwepo, ndipo kusiyana kwawo kunakhazikika tsiku lomwelo.

Ndinalembanso mayeso aja patatha miyezi isanu ndi iwiri ndipo pa kulemba ndinapeza 7. Sindinganene kuti ndi dikishonale yokha, chifukwa abambo aja anandichongera zimangirizo zoposa makumi awiri osandilipiritsa kanthu, ndipo galamala ndinaikonzera kwina. Koma pa nkhani ya mawu, kusintha kunachokera m'bukuli. Ngakhale malipoti anga a ku wodi afupika, poti liwu limodzi loyenera likugwira ntchito imene kale ndinkaizungulira ndi mzere wathunthu.

Ndikulipatsa nyenyezi zisanu kwa aliyense amene wadutsa Fomu 2 kupita m'tsogolo, wa ku koleji, ndi wapantchito amene amalemba makalata ndi malipoti. Langa ndalonjeza mwana wa achemwali anga amene akulemba MSCE chaka chamawa. Wayamba kale kubwera Loweruka lililonse masana ndi kope lake, ndipo sabata yatha tinathera ola lathunthu pa "borrow" ndi "lend".