Digiri yachiwiri ya kuteteza mbewu: Britain, Bunda kapena mayiko ena a mu Africa?

Munthu amene wamaliza digiri yoyamba ya zaulimi ndipo akufuna kuzama pa za tizirombo, matenda ndi udzu woononga mbewu amakhala ndi njira zitatu zimene zimatchulidwa kawirikawiri: kupita ku Ulaya, kukhala konkuno n'kukaphunzira ku Bunda, kapena kulowera ku Kenya, Tanzania ndi South Africa. Ambiri poyerekeza njirazi amayamba ndi kutchuka kwa sukulu ndi kuchuluka kwa fizi. Ine ndikuona kuti poyambira penipeni ndi pa kalendala ya mvula, chifukwa digiri imeneyi imayima pa kafukufuku wa m'munda, ndipo kuno kwathu chimanga chodalira mvula chimakhala m'munda kamodzi kokha pachaka, kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Epulo.

Tiyambe ndi Britain, kumene digiri yachiwiri yophunzitsidwa m'kalasi imatenga chaka chimodzi. Yunivesite ya Harper Adams, yomwe ili ku Shropshire, ndi imodzi mwa zodziwika pa maphunziro a tizirombo, a matenda a mbewu ndi a kaphatikizidwe ka njira zosiyanasiyana zotetezera mbewu. Wophunzira amayamba cha mu Seputembala kapena Okutobala, amakhala m'kalasi ndi m'labu nyengo yonse yozizira, kenaka amachita kafukufuku wake m'miyezi ya chilimwe cha kumeneko n'kupereka lipoti chaka chisanathe. Chimene amapindula n'chachikulu: amaphunzira kuzindikira kachirombo mpaka pa mtundu wake weniweni pogwiritsa ntchito maikulosikopu, kuyeza ngati tizirombo tayamba kupirira mankhwala, ndiponso kusanthula manambala a kafukufuku mosaphonya. Amakhalanso pakati pa alimi amene anakakamizika kusintha njira, popeza mu 2018 mayiko a European Union, Britain ali momwemo panthawiyo, analetsa kugwiritsa ntchito panja mitundu itatu ya mankhwala ophera tizirombo otchedwa neonicotinoid pofuna kuteteza njuchi. Koma mbewu zimene adzaziona tsiku ndi tsiku ndi tirigu, balere ndi mbatata ya kachewere. Pa zitatuzi, yomwe ingamuthandize mwachindunji akabwerera ndi mbatatayo, pakuti chiwawu, nthenda ya mbatatayi, chimene chimavutitsa alimi a ku England n'chomwecho chimene chimapsereza minda ya ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Vuto lili pa nthawi ya kafukufukuyo. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti, imene wophunzira wa ku Britain amapatsidwa kuti asonkhanitse zotsatira, ndi miyezi imene chimanga chathu chili kale m'nkhokwe ndi m'matumba. Amene funso lake likukhudza ntchemberezandonda zachilendo pa chimanga cha mvula sangaliyankhe m'miyezi imeneyo, ngakhale atapatsidwa tikiti yobwerera kumudzi. Angopeza chimanga cha m'madimba ndi cha m'masikimu a mthirira, chomwe chimakula nyengo yozizira pamene mbozi sizikula mofulumira ngati mu Januwale. Komabe pali nkhani zina zimene kalendala imeneyi imaziyenerera bwino. Nankafumbwe amayamba ntchito yake ndendende chimanga chikangosungidwa, ndipo nankafumbwe wamkulu uja, Prostephanus truncatus, amene anachokera ku Central America n'kufika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 asanalowe m'Malawi, ndi mutu woti munthu angaufufuze mu Juni ndi Julayi, kaya poyerekeza matumba osalowa mpweya ndi mankhwala a fumbi, kaya poyang'ana za chuku mu mtedza wosungidwa. Wofuna Britain ayenera kusankha mutu wogwirizana ndi chilimwe chathu, apo ayi avomereze kuti akatenga luso lokha, funso la kwathu adzaliyankha akabwerako.

Ku Bunda zinthu n'zotembenuka. Sukuluyi inali nthambi ya University of Malawi mpaka pamene inakhala maziko a yunivesite ya zaulimi ya LUANAR mu 2012, ndipo digiri yachiwiri kumeneko imakonzedwa kuti itenge zaka ziwiri, choyamba cha m'kalasi, chachiwiri cha kafukufuku. Nyengo ya mvula imagwera m'kati mwa maphunzirowo. Siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Chitedze ili pafupi, kumene kuli akatswiri a boma pamodzi ndi a mabungwe a kafukufuku a padziko lonse a ICRISAT ndi IITA. Masiteshoni a Bvumbwe ndi Makoka aliko kwa wofuna za zipatso, ndiwo zamasamba kapena thonje. Tizirombo ndi matenda sizifunika kuitanitsidwa: kaufiti ali m'minda yoguga, kadukutu ali mu mtedza, chisaka chinatha nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, ndipo ntchemberezandonda zachilendo zija, mbozi zimene zinaonekera koyamba ku West Africa kumayambiriro kwa 2016, zinafika poti mu Disembala 2017 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi.

Phindu la kukhala pafupi ndi munda silioneka pa satifiketi, koma limaoneka m'manja. Wophunzira amene wadzukira m'munda nyengo yathunthu amadziwa kuti mboziyi siisakidwa pamwamba pa tsamba; amayang'ana kaye timawindo toyera pomwe tiana tapala tsamba, kenaka ndowe zonga utuchi wonyowa pamtima pa chimanga, ndipo akafunyulula masamba anthetewo amaipeza itabisala, ili ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda oyalana ngati ngodya za bokosi chakumchira. Amadziwanso chifukwa chimene mankhwala opopera masana dzuwa likuswa mtengo amalepherera, popeza mboziyo imakhala italowa m'kati momwe madontho a mankhwala safika. Ndipo akamva mlimi akunena kuti iye amathira dothi, phulusa kapena msuzi wa usipa pamtima pa chimanga kuti nyerere zibwere, sayamba ndi kuseka. Amakhala ndi malo ndi nthawi yoyeserera njirazo pambali pa nimu, mthuthu ndi mankhwala a m'sitolo, n'kuwerenga mapesi ogwidwa sabata ndi sabata.

Kufooka kwa njirayi kumachokera pomwepo pamene pali mphamvu yake. Nyengo ndi imodzi, choncho ng'amba ikagwa pakati pa dzinja, monga zinachitikira m'madera ambiri mu 2024, kapena mbozi zikapanda kubwera zokwanira chaka chimenecho, kafukufuku amadikira chaka china, ndipo zaka ziwiri zimasanduka zitatu. Ntchito yofuna kuyeza DNA, monga kusiyanitsa mavairasi a chinangwa, imadalira zipangizo zoitanitsa kunja zomwe zimachedwa komanso zimafuna ndalama zakunja. Akatswiri a nthambi zina, monga za minyongolotsi ya m'mizu, ndi ochepa m'dziko lonse lino, moti mmodzi akakhala wotanganidwa wophunzira amasowa kolowera.

Njira yachitatu ndiyo imene ine ndimaiona kuti anthu amainyozera mosayenera. Yunivesite ya Nairobi ili ndi digiri yachiwiri ya kuteteza mbewu ku Kabete, ndipo madera ambiri a Kenya amalandira mvula kawiri pachaka, cha mu Malichi mpaka Meyi komanso Okutobala mpaka Disembala, kutanthauza kuti wophunzira angabwereze kafukufuku wake m'chaka chomwecho. Mumzinda womwewo muli icipe, bungwe lofufuza za tizirombo lomwe anayambitsa Thomas Odhiambo mu 1970, ndipo pulogalamu yake ya ARPPIS yakhala ikuphunzitsa akatswiri a mu Africa kuyambira mu 1983. Dziwani kuti icipe siipereka digiri payokha. Wophunzira amalembetsa ku yunivesite ina koma n'kumagwira ntchito m'malabu ake. Ku icipe n'kumene kunachokera njira yodzala desmodium, chomera cha gulu la nyemba, pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere m'mphepete mwa munda, imene imathamangitsa kapuchi ndi kufooketsa kaufiti nthawi imodzi. Wokonda za adani achilengedwe a tizirombo akapeza mwambo wautali kumeneko, pakuti Hans Herren, amene anatsogolera ntchito ya IITA yogonjetsa kodikodi wa chinangwa pogwiritsa ntchito kamavu kochokera ku South America, anadzakhalanso mkulu wa icipe. Wofuna za makoswe aganizire za Yunivesite ya Sokoine ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, pomwe wofuna za tizirombo ta bulugama ndi paini aganizire za FABI, nthambi yofufuza za nkhalango ndi ulimi ku Yunivesite ya Pretoria. Ku South Africa kokha pali zoyenera kukonzekera: digiri yachiwiri ya sayansi nthawi zambiri imakhala ya kafukufuku yekhayekha, popanda makalasi okukumbutsa zimene unaiwala, ndipo mapepala akunja amayenera kuunikidwa kaye ndi SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro m'dzikolo.

Ulaya si Britain yokha. Mayunivesite a Göttingen ku Germany ndi Wageningen ku Netherlands amaphunzitsa m'Chingerezi kwa zaka ziwiri, ndipo miyezi ya kafukufuku ndi yokwanira kuti munthu, akagwirizana ndi womuyang'anira, aigwetsere pa dzinja lathu. Ku Göttingen kulibe fizi yeniyeni kupatula ndalama ya pa semesita, koma ya chakudya ndi nyumba iyenera kuoneka munthu asanapatsidwe visa. Ku Wageningen fizi ya ochokera kunja kwa Ulaya ndi yokwera kwambiri.

Pa za thandizo la ndalama, Chevening, ndondomeko ya boma la Britain yothandiza ophunzira akunja, imalipirira digiri ya chaka chimodzi ku Britain koma imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo amayenera kubwerera kwawo akamaliza. Commonwealth ndi DAAD, bungwe la ku Germany lothandiza ophunzira, zili ndi njira zawo, pomwe ophunzira ambiri a m'mayunivesite a mu Africa amadalira RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi, kapena pulojekiti ya mphunzitsi wawo, zimene zikutanthauza kuti mutu wa kafukufuku umakhala wosankhidwa kale.

Amene ali kale pa ntchito yoyendera katundu wa mbewu pa zipata za Mwanza, Songwe kapena Mchinji, kapena yolembetsa mankhwala ku Pesticides Control Board, chaka chimodzi cha ku Britain chimamukwanira, chifukwa chimene akufuna ndi luso lozindikira tizirombo ndi kudziwa malamulo a misika yakunja, komanso sasiya ntchito nthawi yaitali. Amene akufuna kudzalangiza alimi, kugwira ntchito m'minda ya tiyi, nzimbe ndi fodya, kapena kudzapitiriza ndi PhD pa vuto la kuno, ndingamulangize zaka ziwiri, ku Bunda ngati wapeza womuyang'anira amene ali ndi pulojekiti yoyenda, ku Nairobi ngati akufuna nyengo ziwiri ndi labu yokwanira. Kulikonse kumene angasankhe, asanasaine kalata yovomera malo alembere womuyang'anirayo n'kufunsa mwezi umene ndalama ya kafukufuku imatuluka. Ikamatuluka mu Febuluwale, pamene chimanga cha ku Lilongwe chikumasula kale, ndiye kuti munda wake woyeserera adzaudzala mu Disembala wotsatira, ndipo ayenera kuwerengera fizi ndi lendi ya chaka chowonjezeracho.